Mng'ono wa a Kuramochi

Lachiwiri, 10 Juni

Mvula yayamba kusanache ndipo sinakate. Si yamphamvu, ndi yamvumbi ija yongonyowetsa zinthu. Pazenera ndikuona denga la malo oimika magalimoto, ndi maambulera akuyenda pansi ngati alibe eni ake. Ndikumva madzi akutsika m'paipi ya kunja, kangolo ka chakudya kamene tayala lake limodzi limalira, ndi bokosi langa.

Bokosilo lili pansi pambali pa bedi. Paipi yachokera m'nthiti zanga zakumanzere n'kulowa m'menemo. Muli madzi, ndipo ndikatsokomola madziwo amachita thovu. Adokotala a Hori ati phapo langa linabooka lokha n'kuphwa, mpweya n'kudzaza m'chifuwa. Ati zimachitikira anyamata aatali, oonda. Thovu likasiya ndiye kuti bowo latsekeka. Likapanda kusiya, opaleshoni.

Zinayamba dzulo m'kalasi ya masamu. Ndinamva ngati wina wandibaya ndi singano ya bambo yosokera mikeka ya tatami. Sindinauze munthu mpaka belu linalira.

M'wodi muno tilimo anayi. Awiri satsegula makatani awo. Bedi loyang'anana ndi langa ndi la a Ogushi, amene ankayendetsa malole. Ali ndi timapaipi ta mpweya m'mphuno koma pakamwa sipatseka.

"Iwe, mapazi ako atulukira kunja kwa bedi. Kwanu amakuthira feteleza?"

Anditcha Nsungwi. Ndawauza kuti dzina langa ndi Nagamine Itsuki. Ati, "Chabwino, Nsungwi."

Amayi ndi amene abweretsa kope ili. Bambo anabwera masana ndi zovala zantchito, akununkha udzu wa mikeka. Anayang'ana bokosi nthawi yaitali kuposa mmene anandiyang'anira ine, kenako anati shopu singatsekedwe tsiku lonse.

Achimwene anga, a Shuhei, atumiza uthenga pafoni. Abwera mawa ndi mabuku anga. Ati adutsira kunyumba nthawi imene bambo akhala atapita kokapereka mikeka. Amandiposa zaka khumi ndi chimodzi, amakonza mabasi kutsidya kwa mtsinje, ndipo chichokere pakhomo atakana kutenga shopu, iwo ndi bambo amaonana pa chaka chatsopano basi. Kusukulu sindilankhula ndi anthu kwenikweni. Amene ndimawalembera ndi achimwene.

Lachitatu, 11 Juni

Thovu silinasiye. Kutentha kwa thupi 37.2. Andijambula pachifuwa m'mawa, phapo latukuka pang'ono.

Achimwene sanafike.

Ndinadikira mpaka chakudya chamadzulo. Ambulansi inalira pafupi kwambiri, koma pano zimalira nthawi zonse, sindinaganizepo kanthu. Amayi analowa opanda ambulera, tsitsi litanyowa. Anakhala pampando osavula jasi.

Achimwene agunda munthu ndi njinga. Pamtsetse wotsikira ku geti ya chipatala chomwe chino. Msewu unali woterera, mabuleki sanagwire. Munthuyo ndi bambo wachikulire, a Mizokuchi. Anagwa chagada n'kumenya mutu pa simenti. Ali m'nyumba yomwe ino, nsanjika yachitatu, m'chipinda cha odwala kwambiri, ndipo sanatsitsimuke. Achimwene angosupuka manja. Ali kupolisi.

Ndili pa nsanjika yachisanu. Munthuyo ali pansi pangapa.

Achimwene ankabwera kwa ine.

Lachinayi, 12 Juni

Sindinamalize mpunga wam'mawa. Anamwino a Sakoda alemba kuti theka.

Achimwene afika masana, manja onse awiri m'mabandeji. Anaima kumiyendo kwa bedi ngati mlendo. Anati pepa, chikwama chako sindikudziwa kumene chinagwera. Ndinati zilibe kanthu. Maso awo anali ofiira.

A Ogushi sanachedwe. "Achimwene, njinga yanuyo inali ndi inshuwalansi?"

"Ayi."

"Mayo ine. Masiku ano njinga ikavulaza munthu mutu, khoti limatchula ndalama zogulira nyumba. Si zoseka."

Nthawi yomweyo bambo analowa. Ndinagwira paipi yanga, ndikuganiza kuti kukhala phokoso. Koma bambo anali ndi envelopu yaikulu m'khwapa, ndipo nkhope yawo inali yowala ngati munthu amene wapambana mpikisano.

Shopu ya agogo inapsa bambo ali mwana. N'chifukwa chake inshuwalansi ya moto ya nyumba yathu bambo amailemekeza ngati kachisi. Sanaphonyepo kulipira. Lero ati aimbira a Yoshitake, mayi wa kukampani amene amabwera kwathu chaka chilichonse, ndipo awauza kuti m'kati mwa inshuwalansi yomweyo muli gawo lina. Munthu wa m'nyumba akavulaza wina kapena kuwononga chinthu cha eni ake, kampani ndiyo imalipira, ngakhale zitachitikira kumsewu.

Anavala magalasi n'kuwerenga mokweza, wodi yonse ikumva. Anthu a m'nyumba ndi awa: mwini nyumba, mkazi wake, abale amene amakhala nawo denga limodzi, ndi ana amene amakhala kwina koma sanalowe m'banja.

"Wamva?" anatero kwa achimwene. "Amene amakhala kwina koma sanalowe m'banja. Ndiwe ameneyo. Umbeta wakowu lero watipulumutsa. Ukanatengana ndi mkazi uja amene ali kale ndi mwana, bwenzi pano tikugulitsa shopu."

Anaseka. Kenako anaika dzanja paphewa la achimwene n'kulisiya pomwepo. "Mwana wanga ndi mwana wanga, kaya agone kutsidya kwa mtsinje. Ngakhale pepala likudziwa zimenezo."

Sindinaonepo bambo atawagwira achimwene chiyambire ndili kupulayimale. Amayi anatembenukira kuzenera n'kupukuta m'maso. Achimwene anangoyang'ana pansi. Khutu lawo linachita kufiira. Ndinaganiza kuti ndi manyazi a ngoziyo.

Bambo anafuna kutsika kukapepesa kwa a Mizokuchi ndi bokosi la makeke. Achimwene anati ayi, banjalo silikufuna kuona anthu panopa, apita okha. Ananena mofulumira kwambiri.

Lachisanu, 13 Juni

Ndilemba mmene zachitikira, chifukwa mutu wanga sukukhazikika.

Titatha kudya masana kunabwera mayi wina wovala zakuofesi, nkhope yotopa, atanyamula chikwama changa chasukulu. Mbali imodzi chinali ndi matope ouma. Anawerenga mayina pakhomo, n'kubwera pabedi langa.

"Pepani. Ndinu mng'ono wa a Kuramochi?"

"Ayi. Ndine Nagamine."

Anatulutsa buku langa lamasamu n'kuyang'ana pachikuto. "Nagamine Itsuki. Ndi inu?"

"Inde."

"Ndiye n'chanu. Ine ndine mwana wa a Mizokuchi. Chikwamachi anthu a ambulansi anachitola pamodzi ndi katundu wa bambo anga. Amene anawagundawo anati amabwera kudzaona mng'ono wawo pamwamba pano."

"Ndi achimwene anga. Nagamine Shuhei."

Anandiyang'ana ngati ndine wozerezeka. "Apolisi anandiuza kuti Kuramochi Shuhei. Eni akenso anadzitchula choncho. Dzulo anabwera ndi akazi awo, koma sindinawalole kulowa."

Bokosi langa linachita thovu lambiri. Ndikuganiza kuti ndinapuma molakwika. Mayiyo anayang'ana bokosi, n'kuyang'ana ine, ndipo mawu ake anafewa pang'ono. Anati mwina ndinu a mayi osiyana, si nkhani yanga. Ndinafunsa za bambo ake. Atsitsimuka m'mawa uno, amuzindikira, koma fupa la m'chiuno lathyoka. Ndinawerama mmene paipi inandilolera. Iye sanabweze. Anaika chikwama pampando n'kutuluka.

Akazi awo.

Kenako a Ogushi anakonza timapaipi tawo. "Nsungwi, ine sindinamve kanthu. Makina angawa amasokosa kwambiri."

Ndatsegula chikwama. Mabuku, chingwe cha foni, masokosi, ndi maswiti a mandimu amene achimwene amadziwa kuti ndimakonda, ataphwanyika onse.

Ndawalembera achimwene mawu awiri. Kuramochi ndani?

Awerenga. Sanayankhe.

Loweruka, 14 Juni

Thovu likadalipo. A Sakoda andiphunzitsa kukoleka bokosi pa kamtengo ka matayala kuti ndiziyenda nalo. Lisakwere kuposa chifuwa, lisagwe.

Achimwene anabwera m'mawa, amayi asanafike. Tinapita kuchipinda chochezera kumapeto kwa khonde. Anagula tiyi wam'chitini m'makina koma analephera kutsegula chifukwa cha mabandeji. Ndinawatsegulira.

"Wakuuza ndani?"

"Mwana wa amene munawagunda."

Anaseka kuseka kopanda mawu. Kenako anandiuza zonse, maso ali pachitini.

Mkaziyo ndi a Chisato, yemwe uja bambo anamukana asanamuone n'komwe, chifukwa ndi wamkulu kwa achimwene ndiponso ali ndi mwana wa banja loyamba. Kwathu tinkadziwa kuti zinatha. Sizinathe. Anakwatirana zaka ziwiri zapitazo.

"Ukwati unachitikira kuti?"

"Ukwati wanji? Tinapita ku ofesi ya mzinda, tinapereka pepala, tinakadya udon. Ine n'kubwerera kuntchito."

"Nanga dzina?"

"Iwe ukudziwa kuti lamulo sililola mayina awiri m'banja limodzi. Wina amayenera kusiya lake. Suzu anasinthapo kale dzina bambo ake atachoka. Anzake kumkaka ankamufunsa kuti lero ndiwe ndani. Amayamba sukulu, ndiye asinthenso? Ndinati ndisintha ine. Mabasi safunsa dzina."

Suzu ndi mwanayo. Ali ndi zaka zisanu ndi zitatu.

Pa chikwangwani cha shopu yathu palembedwa Nagamine kuyambira nthawi ya agogo awo a bambo. Achimwene ndiwo mwana woyamba. Sindinanene zimenezi, akuzidziwa.

Ndinati, "Ngakhale ine osandiuza?"

"Ukanadziwa, ukanamadya nazo patebulo limodzi ndi bambo tsiku lililonse. Nkhope yako siibisa kanthu."

"Zaka ziwiri ndimakulemberani tsiku lililonse."

"Ndikudziwa."

"Mukamayankha kuti muli nokha mukudya zam'paketi?"

Ndinawauza kuti a Yoshitake akubwera Lolemba ndi mapepala. Kampani idzaona dzina limene lili kupolisi. Anati akudziwa. Ndinati ndiye bwanji simunanene Lachinayi lija.

"Unaona mmene anandigwirira phewa?"

Ndinaona.

Ati ndiwapatse nthawi, anena okha ndikachira. Pobwerera ndinayenda patsogolo, bokosi likugubuduka pambali panga. Sindinafune kuti andithandize kukwera pabedi.

Lamlungu, 15 Juni

Shopu yotseka, ndiye bambo akhala masana onse. Abweretsa mapichesi, asenda okha ndi kampeni kawo kantchito, agawirako a Ogushi.

Awauza a Ogushi kuti dzulo ayala mikeka yatsopano m'chipinda chakale cha achimwene. "Abwere adzakhale kunyumba mpaka nkhaniyi ithe. Munthu ali pamavuto asamagone yekha m'kachipinda ka lendi."

A Ogushi anatafuna pichesi nthawi yaitali. "Okoma," anatero.

Bambo anandifunsa chifukwa chake sindikudya. Ndinati paipi ikupweteka. Ikupwetekadi.

Lolemba, 16 Juni

A Hori ati tadikira mokwanira. Opaleshoni Lachitatu. Aboola malo atatu ang'onoang'ono, alowetsa kamera, adula kansonga ka phapo kamene kali ndi matuza. Anajambula papepala. Makolo onse awiri anaitanidwa kuti avomereze, n'chifukwa chake bambo anauza a Yoshitake kuti abwere konkuno, zonse zithere pamodzi.

Tinakhala m'chipinda chochezera: bambo, amayi, achimwene, a Yoshitake ndi ine. Patebulo panali mapepala awiri, la opaleshoni ndi la kampani. Bambo anatulutsa chidindo chawo cha dzina m'kathumba kake n'kutsegula inki yofiira.

A Yoshitake ndi mayi wamfupi, woseka msanga. Anandiuza kuti anandiona ndikukwawa m'shopu. Anayamba kufunsa mafunso, akulemba. Tsiku, malo, mvula. Kenako anati, "Ili ndi funso lamwambo chabe. A Shuhei sanalowepo m'banja, eti?"

"Ameneyu?" anatero bambo. "Mkazi wake ndi sipanala."

A Yoshitake anaseka. Amayi anamwetulira. Ndinayang'ana achimwene. Anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Bambo anagunditsa chidindo pa inki, n'kuchikweza.

Pepalalo linali la bambo. Dzina lolumbira kuti zonse ndi zoona linali lawo.

"Bambo, musadinde."

Sindinadziwe kuti mawu anga atuluka mokweza choncho. Bambo anaima dzanja lili m'mwamba.

"Ukuti chiyani iwe?"

Sindinapitirize. Ndinangoyang'ana achimwene mpaka anaimirira. Anaika manja awo a mabandeji m'mbali, n'kuwerama kwambiri.

"Ndinakwatira. Papita zaka ziwiri. Ndi Chisato. Pepani."

Amayi anati "Ha?" kamodzi, ngati munthu wapondedwa. Makina a zakumwa ankangolira. Bambo anatsitsa chidindo pang'onopang'ono osakhudza pepala.

"Mkazi uja."

"Inde."

"Ndiye kutsidyako kuli Nagamine wina amene ine sindikumudziwa."

"Ayi." Achimwene sanadzutse mutu. "Ndinatenga dzina lake ndine."

Bambo anavula magalasi. Anawapinda. "Dzina lako ndani?"

"Kuramochi."

"Nenanso."

"Kuramochi Shuhei."

Ndinkadikira kuti akalipa. Kunyumba amakalipa ulusi ukangosowa. Sanakalipe. Nkhope yawo inangochita ngati yazimitsidwa.

A Yoshitake anakoka pepala lawo mwakachetechete n'kulibweza m'chikwama. Anati pepani kwambiri, ngati zili choncho inshuwalansi ya nyumba ino singawakhudze, chifukwa mwana akalowa m'banja ndipo akukhala kwina sawerengedwanso. Amayi anagwira pakamwa. Kenako a Yoshitake anatembenukira kwa achimwene.

"Nyumba imene mukukhalayo ndi ya lendi?"

"Inde. Ili m'dzina la Chisato."

"Polowa anamulipiritsa inshuwalansi ya moto?"

"Ndikuganiza choncho."

"Muimbireni. Zambiri zotere zimakhala ndi gawo lomweli. Ngati lilimo, mwamuna wake ali m'kati."

Achimwene anatuluka kukaimba. Bambo ankayang'ana chidindo. Achimwene atabwera anaonetsa chithunzi pafoni, a Yoshitake anachikulitsa ndi zala, anawerenga, n'kugwedeza mutu. Lilimo. Ati si kampani yawo, sangalonjeze, koma mmene akuonera a Mizokuchi alipiridwa.

Amayi anapuma mpweya wautali. Ndinaganiza kuti zatha bwino.

"Ndiye zatha bwino," anatero bambo. Anakoka pepala la opaleshoni, n'kudinda pamzere wake mosamala, n'kupukuta chidindo ndi kansalu. Anaimirira n'kuweramira achimwene mmene amaweramira kasitomala. "Muli ndi kwanu kokutetezani. Takuvutitsani ndi mapepala athu, a Kuramochi. Zikomo pomuyendera mwana wathu."

Anatuluka. Ambulera yawo anaiiwala.

Lachiwiri, 17 Juni

Magazi, kuyeza mtima, kupuma m'kachubu. Wogonetsa anthu anabwera kudzafunsa ngati ndili ndi dzino logwedera. Kuyambira usiku osadya.

Amayi anafunsa, "Unadziwa liti?"

"Lachisanu."

Anapinda matawulo amene anali opinda kale. "Mwanayo ndi wamkazi?"

"Inde. Suzu."

"Amadya chiyani?"

Ndinati sindikudziwa.

Achimwene sanalembe. Inenso sindinalembe. Mwina akundida. Ndikanakhala chete, bambo akanadinda bodza, koma akanapitiriza kuwatcha iwe, osati a Kuramochi, kwa masiku angapo.

A Ogushi ati, "Nsungwi, wachita nkhope ngati wagunda munthu ndiwe." Ndinati mwina. Ati, "Lole ikataya mabuleki umaigwetsera m'munda dala. Mwini munda amakutukwana, koma anthu amoyo." Kenako anatsokomola mpaka anamwino anabwera.

Bambo sanabwere.

Lachinayi, 19 Juni

Dzulo sindinathe kulemba.

Ndikukumbuka denga likuyenda, ndi munthu akundiuza kuti ndiwerenge. Kenako pakhosi powawa ndi amayi akutchula dzina langa.

Kupweteka kwambiri ndikapuma mozama. Mankhwala akulowera pamkono. Paipi ikadalipo, koma ndatsokomola ndikuyang'ana bokosi. Madzi ali phee.

Lachisanu, 20 Juni

Achotsa paipi. A Hori anati puma, gwira mpweya, n'kukoka kamodzi. Yaitali kuposa mmene ndinkaganizira. Asoka kawiri. Ndikuyenda wopanda bokosi, ndipo dzanja langa likumafunafuna kamtengo kaja. Ati chithunzi chikakhala bwino mawa ndituluka. Osathamanga, osakwera ndege, osanyamula zolemera.

A Sakoda andiuza za Lachitatu. Ati nthawi yonse ya opaleshoni bambo anakhala pabenchi la kumapeto kuno kwa khonde, achimwene kumapeto uko, amayi akuyenda pakati ndi botolo la tiyi. Adokotala atatuluka onse awiri anaimirira n'kuthamangira pamodzi. Atamva kuti zayenda bwino, aliyense anabwerera kubenchi lake.

Pojambulitsa ndinaona mwana wa a Mizokuchi uja akukankha njinga ya odwala. A Mizokuchi ndi munthu wamng'ono thupi, mutu wometedwa mbali imodzi, ulusi ukuoneka. Manja awo ankanjenjemera pabulangeti. Ankafunsa mwana wawo ngati wathirira maluwa, iye n'kuyankha, iwo n'kufunsanso. Masiku onsewa takhala tikunena za mapepala ndi mayina. Ndinaima pakhoma mpaka anadutsa. Mayiyo anandiona. Ulendo uno anagwedeza mutu pang'ono.

Amayi afika mochedwa. Anapita kutsidya kwa mtsinje okha, osauza bambo. Anakhala pansi n'kuyamba kulankhula ngati munthu wochokera koonera nyumba ikupsa.

"Nyumba yonse pansi m'matabwa. Mkeka ngakhale umodzi. Mwana wa msoka mikeka! Mapeya atatu a nsapato pakhomo. Pafiriji pali chithunzi chojambula mwana, munthu wamtali ali pansi pa basi. Amamutcha bambo, Itsuki. Ndinamva ndi makutu angawa."

"A Chisato ndi otani?"

"Anagwada pakhomo osafuna kudzuka. Ndinachita kumukoka." Anayang'ana manja awo. "Manja ake ndi ogwira ntchito."

Madzulo bambo anabwera koyamba chichokere Lachitatu. Anayang'ana pamene panali bokosi. Anati, "Watsala iwe." Ndinadziwa kuti akunena za chikwangwani. Ndinati, "Achimwene sanamwalire." Sindinayankhepo bambo chotero. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kuti mawa abwere nthawi yanji ndi galimoto.

Uthenga wa achimwene wafika: Unachita bwino. Ndinakwiya tsiku limodzi.

Loweruka, 21 Juni

Ndikulemba ndili kunyumba.

Chithunzi chinali bwino. A Ogushi anandipatsa dzanja. "Pita, Nsungwi. Ukabooka kwinako usabwere muno, tatopa nawe." Iwo atsala. Ati mwina mwezi wamawa.

Titatsika pansi tinapeza achimwene pafupi ndi khomo lalikulu, atavala suti yakuda. Pambali pawo panali mayi woonda atanyamula bokosi la makeke lokutidwa bwino, ndi kamtsikana kovala nsapato zamvula zachikasu. Mwana wa a Mizokuchi wavomera kuti lero akwere akapepese. Koma ana saloledwa m'wodi imeneyo, ndipo woti asiye naye Suzu analibe. Amati akhala pabenchi ndi buku.

Bambo anadutsa ndi chikwama changa osatembenuka. A Chisato anawerama mpaka bambo anatuluka panja, n'kupitiriza kuwerama.

Amayi anaima. "Pabenchi yekha? M'chipatala?" Anagwada. "Suzu, umakonda mazira okazinga?"

Mwanayo anayang'ana achimwene. "Bambo, ndipite?"

Achimwene anayang'ana kukhomo kumene bambo anatulukira. "Pita. Ukamvere."

M'galimoto bambo anamuona Suzu pagalasi amayi akumumanga lamba. Anayendetsa pang'onopang'ono, mwina chifukwa cha mabala anga. Suzu anandifunsa ngati ndine amene ndinaphulika. Ndinati inde. Anafunsa ngati zinamveka. Ndinati ayi. Anakhumudwa.

Kunyumba bambo analowa m'shopu n'kuyamba ntchito. Suzu atadya anakakhala pakhomo lolowera kushopu, akuonerera. Amayi anamuitana kawiri, sanamve. Ndinamva bambo akuti, "Usaponde apo, pali singano." Patapita nthawi ndinamva akuti, "Gwira uku. Ayi, ndi manja awiri."

Achimwene anabwera chakumadzulo, okha. A Chisato anapita kuntchito. Ati a Mizokuchi anawalandira koma sanamvetse kuti ndi ndani, ndipo mwana wawo anati adzabwerenso mutu wa bambo ake ukakhazikika. Achimwene anaima pakhomo la shopu, mvula ikudontha kuambulera. Sanavule nsapato. Palibe anawauza kuti avule.

Suzu anali atagona pamulu wa mikeka yosamaliza, amayi atamufunditsa jasi. Achimwene anati amunyamula.

Bambo sanadzutse mutu pa ntchito yawo. Anakoka ulusi, n'kuudula.

"Musamudzutse. Udzamutenge mawa."

Achimwene anaima pang'ono. Anati, "Inde." Anandiyang'ana, n'kutsegula ambulera.

Kutentha kwa thupi 36.8. Bala louma. Mankhwala ndamwa.

Tabwerera kunyumba anthu anayi: bambo, amayi, ine, ndi Kuramochi Suzu. Achimwene awoloka mtsinje kupita kwawo.